Changamire Dombo, mfumu imene inapirikitsa Apwitikizi

Changamire Dombo, yemwe anayambitsa ufumu wa Arozvi m'dziko la Zimbabwe, anagonjetsa Apwitikizi mu 1684 ku Maungwe, dera limene uli msewu wochokera ku Harare, wolambalala Mabvuku, wopita ku Mutare. Analandanso dziko la Atorwa, omwe mabwinja a nyumba zawo zachifumu zamiyala akadalipo ku Khami.

Nkhondo yake yoopsa koposa inachitika mu 1693 ku Dambarare, msika wa golide kumpoto kwa kumene kuli Harare lero. Ankhondo ake anapha amalonda pamodzi ndi ansembe, naononga tchalitchi chawo, ndipo Apwitikizi a m'misika ina anathawira ku Tete ndi mantha aakulu. Mu 1695 anakanthanso Manyika, koma posakhalitsa anamwalira. Msika wa Dambarare sunadzukenso.