Kalata ya John Chilembwe ya mu 1914

Ku America anthu amalimbirana makalata amene apulezidenti akale anasayina ndi dzanja lawo. Mu 2008, kalata imene Abraham Lincoln anayankha ana asukulu omwe ankapempha kuti ana onse a akapolo amasulidwe inagulidwa madola 3.4 miliyoni ku New York. Ifenso tili nayo kalata yathu, ndipo chimene chinaiyambitsa chinachitikira m'boma la Karonga, kumpoto kwa Uraha kumene ena a ife timachokera.

Anailemba ndi Abusa a John Chilembwe. Iwo anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth, mmishonale yemwe uja amene pambuyo pake anathandiza kubweretsa Adventist ku Malamulo. Booth anawatenga kupita nawo ku America mu 1897, ndipo anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, namanga tchalitchi cha njerwa ndi masukulu.

Pa 9 September 1914, asilikali a Britain ndi a Germany anamenyana ku Karonga. Mbali zonse ziwiri, ambiri mwa onyamula mfuti anali anthu akuda. Mu November a Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yawo inali yosavuta kumva: pamtendere munthu wakuda sawerengedwa, koma nkhondo ikabuka ndiye amaitanidwa kukakhetsa magazi pa mkangano umene sakuudziwa mutu wake. Ankafuna kuti olemera ndi eni minda apite okha, m'malo mwa amphawi osiya amasiye ndi ana opanda chakudya. Chimene chimatigwira mtima n'chakuti analemba dzina lawo pansi pake, m'malo mwa anthu akwawo, nthawi imene kubisala kukanakhala kwanzeru. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo kufalitsidwa.

Patangopita miyezi iwiri anasiya cholembera. Pa 23 January 1915 anthu awo anaukira ku Magomero, kumene anapha William Jervis Livingstone, bwana wa pa esiteti ya A. L. Bruce. Apa sitigwirizana tonse, ndipo n'zomveka: mbusa amene anadandaula za magazi anakhetsanso magazi. Kuukirako sikunakhalitse. A Chilembwe anawomberedwa pa 3 February cha ku Mulanje, anaikidwa m'manda opanda chizindikiro, ndipo tchalitchi chawo chinaphulitsidwa.

Mawu a kalatayo anapulumuka. George Shepperson ndi Thomas Price anawasindikiza mu 1958 m'buku lawo la Independent African, ndipo n'kumene ambiri a ife timawawerenga, ngakhale nkhope ya mwini wake timaigwira tsiku lililonse pa ndalama za kwacha.