Ross Freeman ndi Chip Yofufutika Ngati Sileti

Ross Freeman adabadwa m'chaka cha 1948 ndipo adakulira pafamu kufupi ndi Engadine, m'chigawo cha Michigan ku America. Adaphunzira fizikisi ku Michigan State University mpaka 1969, n'kukatenga digiri yachiwiri ku University of Illinois mu 1971. Adaphunzitsako masamu ku Ghana pansi pa bungwe la Peace Corps. Atabwerera kwawo adagwira ntchito ku Teletype, kenaka ku Zilog, kampani yopanga ma chip, tizipangizo tating'ono ngati chikhadabo timene timayendetsa kompyuta.

Masiku amenewo ma chip ambiri ankatuluka m'fakitale ntchito yake itakhazikika kale. Injiniya akalakwitsa pang'ono pojambula pulani, ankayambiranso n'kudikira miyezi, ndalama zitalowa m'madzi. Freeman adaganiza zopanga chip yofika kwa wogula ili yosalembedwa ngati sileti. M'kati mwake muli timagulu ta ma transistor ndi tinjira tolumikiza timaguluto. Wogula ndiye amasankha pakompyuta kuti kagulu aka kagwire ntchito yanji ndipo kalumikizane ndi kati. Akalakwitsa amafufuta n'kulembanso. Ife ophunzira ziyankhulo izi sizingatidabwitse, pakuti malembo ndi ochepa koma kasanjidwe kake ndiko kamabala mawu osawerengeka.

Vuto lidali lakuti njirayi inkadya ma transistor ambiri, ena n'kumangokhala osagwira ntchito, pomwe nthawiyo adali okwera mtengo. Akuluakulu a Zilog sadakopeke nayo. Koma Freeman adadziwa kuti chiwerengero cha ma transistor pa chip imodzi chinkawirikiza kawiri pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, kotero adzatsika mtengo ndithu. Ndikaona ine, nzeru zake zidagona pamenepa, chifukwa adawerengera mtengo wa mawa pomwe anzake ankayang'ana wa lero.

Mu 1984 adayambitsa kampani ya Xilinx pamodzi ndi Bernard Vonderschmitt ndi James Barnett. Fakitale adalibe, ndipo kampani ya Seiko ya ku Japan ndiyo inkawapangira. Mu 1985 adatulutsa XC2064, chip yoyamba ya mtundu wa FPGA kufika pamsika, ya timagulu 64 basi. Lero ma FPGA ali m'makina olumikiza mafoni, m'zida zachipatala, ngakhale m'timagalimoto ta NASA ku Mars.

Mwini wake sadaone zonsezi. Chiphaso cha umwini wa lusoli chidatuluka mu Seputembala 1989, ndipo mwezi wotsatira adamwalira ali ndi zaka 41. Mu 2009 dzina lake lidalembedwa ku National Inventors Hall of Fame, ndipo mu 2022 kampani ya AMD idagula Xilinx pamtengo wa madola pafupifupi 49 biliyoni.