Ambuye Cornelius Chitsulo, Mbusa wa ku Mapiri a Dedza

Pamene Mtumwi Paulo analembera Timoteo za munthu woyenera kuyang'anira mpingo, sanatchule fuko, khungu kapena chuma. Anafuna munthu wopanda banga, wodziletsa, wosakonda ndalama ndiponso wosadzikuza. Muyeso wa mpingo woyambawu ndiwo ungatithandize kumvetsa moyo wa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala wansembe ndiponso episkopi wa Mpingo wa Katolika.

Iwo anabadwa m'chaka cha 1909 m'dera la Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza, kumene ansembe a chipani cha White Fathers anamanga mishoni mu 1902. Tsono mpingo umene anakuliramo unali wakhanda, ndipo ansembe ake onse anali ochokera kutsidya la nyanja.

Njira ya unsembe inali yaitali. Seminale yaikulu ya Kachebere inali isanatsegulidwe, choncho mnyamatayo anayenera kusiya makolo ndi abale kukaphunzira ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora, m'dziko la Tanganyika. Masiku amenewo munthu wodziwa kulemba ndi kuwerenga ankatha kupeza ntchito ya ukalaliki ndi kulandira malipiro mwezi ndi mwezi. Iwo anasankha zaka zambiri za mapemphero, Chilatini ndi kumvera akulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1937 anadzozedwa unsembe.

Kukhala woyamba si ulemu wokha ayi, ndi katundu. Akadagwa m'chinyengo kapena kudzitukumula, okayika akadanena kuti mwana wa dziko lino sangasunge za Mulungu, ndipo khomo likadatsekekera ambiri obwera m'mbuyo. Koma atatumikira zaka pafupifupi 20 monga wansembe, Papa Pius XII anawasankha mu 1956 kuti atsogolere chigawo chatsopano cha Dedza, ndipo anadzozedwa uepiskopi mu 1957. Apa azungu amene kale anali aphunzitsi anayamba kulandira malangizo kwa mwana wa ku Mua, dziko likadali m'manja mwa atsamunda.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu 1959, chaka chimene boma la atsamunda linatsekera m'ndende atsogoleri ambiri a ndale, Dedza inasanduka dayosizi, likulu lake ku Bembeke. Pakati pa 1962 ndi 1965 Ambuye Chitsulo anali m'gulu la maepiskopi amene anasonkhana ku Rome pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene unalola kuti Misa izichitika m'zinenero za anthu. Anakhalabe ndi nkhosa zawo za ku Dedza kufikira imfa yawo mu 1984.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, ndi inu aphunzitsi, mwina tsiku lina mudzakhala oyamba m'mudzi mwanu kulandira udindo. Kodi mudzausenza motani, kuti khomo lisatsekekere ang'ono anu?