Paul Ngozi: gitala yophikidwa m'mabala a Lusaka

Ku Kabwata kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi. Dzinali timangolimva tili m'minibasi, koma mwini wake ndiye analiza gitala imene achinyamata akumvera pa foni manje. Mu Okutobala 2024 woimba wa ku America, Tyler, The Creator, anatulutsa nyimbo ya Noid, ndipo anaikamo chidutswa cha Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya gulu la Ngozi Family ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977.

Dzina lawo lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 n'kukulira mu Chibolya, komboni imene mpaka lero ena amaitchula motsitsa mawu. La Ngozi analipeza pa siteji, chifukwa cha zimene ankachita akagwira gitala, mpaka kuiliza ndi mano. Anaimbako ndi gulu la Musi-O-Tunya ku Nairobi, kenako anabwerera kwawo n'kuyambitsa Ngozi Family, Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma.

Ine ndikamvetsera zimbale za Day of Judgement ndi The Ghetto, ndimamva bala yodzaza. M'bala anthu amakuwa, mabotolo akugundana, ndipo gitala yaulemu siimveka. Ndiye a Ngozi ankatenga kachigawo kafupi, n'kukabwereza kambirimbiri, ataponda kabokosi ka fuzz kamene kamachititsa gitala kulira mokwiya ngati injini ya basi pa chitunda. Woledzera yemwe amatha kukagwira pamutu. Jimi Hendrix ndi Black Sabbath anawamvera ndithu, koma nkhani zake zinali za m'komboni, zina m'Chinyanja chathu cha mu tauni.

Nthawi nayo inawakomera. Boma la a Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse pa wailesi zikhale za mu Zambia, ndipo fakitale ya Teal ku Ndola inkadinda zimbale. Sizinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa, ndege za Rhodesia zinaphulitsa mabomba pafupi ndi Lusaka mu 1978, boma n'kuletsa kuyenda usiku. Eni mabala anaona kuti disko ndi yotchipa kuposa kulipira oimba anayi.

A Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 chabe. Zimbale zawo zinadzatulutsidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, patapita zaka zoposa 20 ataikidwa m'manda.