Augustus d'Este, Mdzukulu wa Mfumu Amene Anadwala Matenda Opanda Dzina

Kodi munadwalapo, n'kupita kucipatala kawiri katatu, koma osauzidwa dzina la matenda anu? Mtima sukhala m'malo. Usiku tulo sitibwera. Lero muwerenga za munthu amene anakhala conco zaka 26, mpaka kumwalira asanamve dzina la matenda ake. Dzina lake ndi Augustus d'Este, wa ku England.

Augustus anabadwa pa 13 Januwale 1794. Agogo ake anali George III, mfumu ya Britain. Bambo ake, Augustus Frederick, anali mwana wa mfumuyo. Iwo anakwatira Augusta Murray mobisa mumzinda wa Rome mu 1793. Koma kunali lamulo lakuti mwana wa mfumu asakwatire popanda cilolezo ca mfumu. Conco ukwatiwo unathetsedwa, ndipo Augustus sanawerengedwe ngati mwana wa banja lacifumu. Atakula analowa usilikali. Anali mnyamata wamphamvu, wokonda kukwera hachi.

Mu Disembala 1822, ali ndi zaka 28, anapita ku Scotland kukaona wacibale wake amene ankamukonda ngati bambo ake. Atafika anapeza kuti wamwalira. Maliro atatha, maso a Augustus anayamba kuona mwacimbuuzi. Sankatha kuwerenga makalata. Ena ndiwo ankamuwerengera ndi kumulembera mayankho. Iye ankaganiza kuti vutoli labwera cifukwa cakuti pamaliro paja anadzilimbitsa kwambiri kuti asalire. Patapita nthawi maso aja anakhalanso bwino, popanda mankhwala alionse. Mukanakhala inu, simukanati mwacira?

Komatu matenda anali asanacoke. Mu 1826 maso anavutanso. Mu 1827, ali mumzinda wa Florence ku Italy, anayamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Dokotala anati vuto ndi ndulu. Anamuika misundu m'mbali mwa mutu kuti iyamwe magazi. Anam'patsa mankhwala otsegula m'mimba ndi osanzitsa, n'kumucotsanso magazi pamkono. Maso anakhala bwino, koma kunabuka vuto lina. Miyendo inacita dzanzi ndi kufooka. Ankagwa pansi poyenda. Anakhala wofooka conco pafupifupi milungu itatu.

Anapita kwa dokotala wina. Uyu ananena zosiyana: adye nyama ya ng'ombe kawiri pa tsiku, amwe mowa ndi vinyo, ndipo miyendo yake aziipaka ndi burashi. Mphamvu zinabwerera ndithu, ndipo Augustus anakhulupirira kuti mankhwala enieni awapeza. Koma tsopano tikudziwa kuti matenda amenewa ndi mmene amacitira: amabwera, amapita okha, kenako n'kubweranso. Munthu amathokoza mankhwala amene wamwa komaliza, pamene matenda angopumira cabe.

Zaka zinapita conco. Augustus anayenda kwa madokotala ambiri ku England ndi m'mayiko ena a ku Ulaya. Anakasamba m'akasupe a madzi otentha. Anasamba m'nyanja. Anayesa cithandizo ca magetsi. Ndalama anali nazo, ndipo ankaonana ndi madokotala ochuka. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anachula dzina la matendawo. Sikuti madokotalawo anali aulesi ayi. Pa nthawiyo matendawa anali asanafotokozedwe bwino m'mabuku a zacipatala.

Mavuto ena anawonjezeka. Nthawi zina mkodzo unkavuta kutuluka. Nthawi zina ankacita cizungulire. Anayamba kuyenda ndi ndodo, kenako pa mpando wa mateyala. Pamwamba pa zonsezi, bambo ake anamwalira mu 1843. Augustus anapempha kuti alowe udindo wa bambo ake, koma mu 1844 nyumba ya malamulo ya House of Lords inamukana cifukwa ca nkhani ya ukwati ija. Komabe sanangokhala n'kumadandaula za iye yekha. Anagwira nchito ndi anthu amene ankamenyera ufulu wa eni dziko a ku North America, amene malo awo ankalandidwa ndi azungu.

Tsono pali cinthu cimodzi cimene Augustus anacita, cimene cacititsa kuti lero tizimukumbukira. Ankalemba. Anali ndi buku limene ankalembamo zonse zokhudza thupi lake: tsiku limene maso anavuta, mwendo umene unafooka, mankhwala amene anamwa, ndi zimene zinatsatira. Miyendo itafooka kwambiri, ankalemba ngakhale mphindi zimene wakwanitsa kuyenda pa tsiku. Kumapeto dzanja nalo linavuta, zilembo zinayamba kupindika, koma anapitiriza mpaka 1846. Anamwalira mu Disembala 1848, ali ndi zaka 54.

Patapita zaka 20, mu 1868, dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, wa pa cipatala ca Salpêtrière mumzinda wa Paris, anafotokoza bwino matendawa n'kuwasiyanitsa ndi ena. Lero m'Cingelezi amachedwa multiple sclerosis, ndipo m'Cipwitikizi esclerose múltipla. Ndiye mu 1948, zaka 100 Augustus atamwalira, dokotala wina, Douglas Firth, anasindikiza buku lofotokoza zimene Augustus analemba. Madokotala atawerenga anazindikira matendawo, cifukwa mwini wake anali atalemba zonse mwadongosolo. Mpaka lero zolemba zake zimawerengedwa ngati mbiri yoyambirira ya matendawa yolembedwa ndi wodwala mwini.

Nanga matenda amenewa ndi otani? Taganizani za waya wa magetsi. Mkati muli citsulo, kunja kuli pulasitiki. Pulasitiki ikang'ambika, magetsi sayenda bwino. M'thupi mwathu mulinso mitsempha imene imanyamula mauthenga kucokera ku ubongo, kudzera mumsana, kupita ku maso, manja ndi miyendo. Mitsempha imeneyi ili ndi cokutira cake. Mwa munthu wodwala matendawa, citetezo ca m'thupi cimasokonezeka n'kuyamba kuwononga cokutiraco. Pamalo powonongeka pamatsala cipsera. Uthenga ukafika pamenepo umacedwa, kapena sudutsa n'komwe. N'cifukwa cake lero vuto limakhala m'maso, caka camawa m'miyendo. Zimatengera pamene cipsera cagwera.

Matendawa sapatsirana. Mungadye mbale imodzi ndi wodwala, palibe cimene cingakucitikireni. Kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo amagwira akazi ambiri kuposa amuna. Amapezeka kwambiri m'mayiko ozizira monga a ku Ulaya ndi Canada, kusiyana ndi kuno kwathu kotentha. Mankhwala ociziratu sanapezeke, koma alipo amene amacepetsa kubwerabwera kwa matendawa. Masiku ano madokotala amajambula ubongo ndi msana ndi makina ochedwa MRI, ndipo nthawi zina amayeza madzi a mumsana. Ngakhale zili conco, yankho silibwera tsiku limodzi. Dokotala amayenera kuona kaye kuti si matenda ena, pakuti dzanzi, kufooka ndi kusaona bwino zimabweranso ndi shuga, sitiroko ndi matenda ena ambiri. Conco mukamva dzanzi musafulumire kunena kuti ndi matenda a Augustus. Pitani kucipatala akakuoneni.

Ndipo popita kumeneko, tengerani nzeru ya Augustus. Paja tikafika pamaso pa dokotala timaiwala zambiri. Akatifunsa kuti zinayamba liti, timangoti kalekale. Inu tsopano mumatha kulemba. Pezani kope laling'ono. Lembani tsiku, pamene pakupweteka, masiku amene vutolo latha, ndi mankhwala amene mwamwa. Ngati wodwalayo ndi mwana wanu kapena amayi anu, alembereni. Zilembo zikhale zopindika, zilibe kanthu, bola ziwerengeke. Pa tsiku lopita kucipatala, kopelo musalisiye kunyumba.