Kamaraj: Mtsogoleri Yemwe Adabweretsa Chakudya Kusukulu

Inu amene mukukonzekera mayeso a Fomu 4, powerenga mbiri ya moyo wa munthu musamangoloweza zaka. Muzifunsa kuti kodi n'chiyani chinkamuvuta mumtima munthuyo. Pa Kumaraswami Kamaraj yankho lake silivuta: iye sukulu sadapite nayo patali, ndipo sadafune kuti ana a amphawi zinthu ziwathere momwemo.

Kamaraj adabadwa pa 15 Julaye 1903 m'tauni ya Virudhunagar, kummwera kwa dziko la India. Bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka 6 zokha, ndipo patangopita zaka zochepa adasiya sukulu n'kuyamba kugwira ntchito m'sitolo ya nsalu ya amalume ake. Ali mnyamata adalowa chipani cha Indian National Congress chomwe chinkalimbana ndi ulamuliro wa Angerezi. M'chaka cha 1930 adamangidwa chifukwa chochita nawo zionetsero zotsutsa msonkho wa mchere, ndipo masiku onse amene adakhala m'ndende pa nthawi zosiyanasiyana amaposa 3,000.

Dziwani kuti India ndi dziko logawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake lotsogozedwa ndi nduna yaikulu. Kamaraj adakhala nduna yaikulu ya chigawo cha Madras mu Epulo 1954. Adapeza nkhani ya maphunziro itavuta. C. Rajagopalachari, yemwe iye adamulowa m'malo, adakhazikitsa dongosolo loti ana akumidzi aziphunzira theka la tsiku, theka linalo aziphunzira ntchito ya makolo awo. Tangoganizani: mwana wa wometa akhale wometa, mwana wa woumba mbiya aumbe mbiya basi. M'dziko lomwe munthu amabadwira m'gulu lapamwamba kapena lonyozeka, ambiri adaona kuti uku kudali kutsekera amphawi chitseko. Kamaraj adathetsa dongosololi, adatsegulanso masukulu omwe adali atatsekedwa, n'kumangitsa ena ambirimbiri kuti mwana asamayende mtunda wautali.

Koma adazindikira kuti nyumba ya sukulu payokha siikwanira. Mwana yemwe wagona ndi njala amakadyetsa ng'ombe za eni kuti apeze chakudya, sapita m'kalasi ayi. N'chifukwa chake kuyambira mu 1956 masukulu a pulaimale adayamba kupereka nkhomaliro yaulere. Poyamba anthu a m'midzi ndiwo ankasonkha mpunga ndi ndalama, kenaka boma lidathirapo thandizo lake. Ana osauka adalandiranso yunifolomu yaulere kuti zovala zisamasiyanitse wolemera ndi wosauka. Apa ndi pamene padagona ukulu wa bamboyu. Madamu amene boma lake lidamanga, monga la Vaigai ndi la Amaravathi, ndi ofunika ndithu koma ena akadathanso kumanga.

Pa 2 Okotobala 1963 adatula pansi udindo mwa kufuna kwake, ponena kuti akuluakulu a chipani asiye mipando ya boma ndi kukalimbitsa chipanicho. Atakhala pulezidenti wa Congress, ndiye adathandiza kwambiri kuti Lal Bahadur Shastri akhale nduna yaikulu ya dziko lonse mu 1964, ndi Indira Gandhi mu 1966.

Musaganize kuti anthu adamukonda mpaka kalekale. Kusowa kwa mpunga ndiponso mkwiyo wa Atamil pa zofuna kuwakakamiza chiyankhulo cha Hindi zidagwetsa Congress pa chisankho cha 1967. Kamaraj mwiniwakeyo adagonja kwawo ku Virudhunagar, ndipo womugonjetsayo adali mtsogoleri wa ophunzira wa chipani cha DMK. Kuchokera apo Congress siidalamulirenso chigawochi, chomwe mu 1969 chidasintha dzina n'kukhala Tamil Nadu.

Kamaraj sadakwatire ndipo sadasiye chuma chodziwika. Adamwalira ku Madras pa 2 Okotobala 1975, ndipo mu 1976 boma lidamulemekeza ndi mphoto ya Bharat Ratna, yomwe ndi yapamwamba kuposa zonse m'dzikolo.