Maguire, msilikali wa pakavalo yemwe adafera m'madzi

Ambiri adamvapo za Fort Maguire kwa Makanjira m'boma la Mangochi, koma ndi ochepa omwe amamudziwa mwini dzinali.

Kaputeni Cecil Maguire adali mkulu wa asilikali okwera pa akavalo ku Hyderabad m'dziko la India. M'chaka cha 1891, Harry Johnston adamutenga kuti adzatsogolere gulu loyamba lankhondo la boma la atsamunda m'dziko muno. Iye adafika ndi asilikali a Chimwenye pafupifupi 70.

Akavalo awo sadachedwe kufa ndi matenda, choncho Maguire adayamba kumenya nkhondo wapansi komanso pasitima. Chaka chomwecho adalimbana ndi mfumu Chikumbu ku Mulanje ndipo adamanga linga la Fort Johnston pafupi ndi kwa Mponda.

Mdani wake wamkulu adali Makanjira, yemwe zombo zake zinkawolotsa akapolo panyanja. Mu Disembala 1891, Maguire adakwera sitima ya Domira kukawononga zombo ziwiri za mfumuyi. Sitimayo idakakamira pamchenga, ndipo iye adawomberedwa ali m'madzi pobwerera. Dokotala Boyce ndi injiniya wa sitimayo, omwe adatsikira kumtunda kukapempha mtembo wake, adaphedwanso.

Makanjira adagonjetsedwa mu 1893 ndipo lingalo lidamangidwa m'dera lake. Gulu lomwe Maguire adayambitsa lidakula, ndipo Atonga a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay adali ena mwa anthu akuda oyamba kulowamo. Mu 1902 gululi lidakhala mbali ya King's African Rifles.